Kodi Mwini Nyumba Angakweze Lendi Monga Afunira?

Mwezi ukamapita kothera, m'komboni ya Nangongwe ku Kafue mumamveka mau amene anthu okhala pa lendi amawaopa kwambiri. Mwini nyumba aima pakhomo nanena kuti kuyambira mwezi wa mawa lendi yakwera, ndipo amene safuna acoke, pakuti ofuna nyumba ngambiri. Mau amenewa sanenedwa ku Nangongwe kokha ai; amvekanso ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi m'makomboni a ku Lusaka. Anthu ambiri akawamva amangogwira pakamwa nati, "Nanga titani? Nyumba njao." Funso limene tifuna kulisanthula pano ndi ili: kodi cifukwa cakuti nyumba njace, munthu ali ndi ufulu wa kukweza lendi pa nthawi iri yonse, ndi pa mlingo uli wonse umene mtima wace wafuna? Inu amene mwatsiriza sukulu posacedwapa, funso limeneli likukhudzani, pakuti kwa ambiri a inu nyumba yoyamba idzakhala cipinda ca lendi.

Makolo athu lendi sanali kuidziwa. Mlendo akafika pamudzi nafuna kukhazikika, anali kupita kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa anali kumlozera malo omangapo ndi malo olimapo. Anzace anali kumthandiza kudula mitengo, kumweta udzu ndi kukweza denga, ndipo mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga unali kuoneka ndi maso. Panalibe munthu wolipira mnzace mwezi ndi mwezi cifukwa ca pogona. Lendi inadza pamodzi ndi tauni. M'masiku a Northern Rhodesia munthu wakuda anali kuyesedwa mlendo m'tauni, wodzagwira nchito ndi kubwerera kwao. Lamulo la 1948 linaika udindo pa olemba anthu nchito ndi pa makhonsolo kuti apezere anchito nyumba, koma nyumbayo inali yomangiriridwa ku nchito: nchito ikatha, nyumba yathanso, ndipo munthu anali kumanga katundu wace ngakhale anabalira ana ace onse m'menemo.

Mudzi wa Kafue unakula mwa njira yace-yace. Mlatho wa njanji pa mtsinje wa Kafue unatha kumangidwa m'caka ca 1906, ndipo kwa zaka zambiri malowa anali kamudzi ka pa siteshoni. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linasankha Kafue kuti akhale mudzi wa mafakitale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, ndipo pa nyengo yomweyo panali fakitale yoomba nsalu ya Kafue Textiles of Zambia. Anchito a mafakitalewo anawamangira nyumba ku Kafue Estates. Koma anthu odzafuna nchito, asodzi ndi ogulitsa pamsika anaculuka koposa nyumbazo, nadzaza makomboni. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale anafooka, anthu ambiri anacotsedwa nchito, ndipo pambuyo pace fakitale ya nsalu inatsekedwa. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo pa lendi, ndipo nyumba zambiri za Boma ndi za makampani a Boma zinatsata njira yomweyo. Munthu wocotsedwa nchito anaona kuti cuma cimene camtsalira ndi nyumba. Anamanga zipinda zina kuseri, nayamba kucititsa lendi.

Cifukwa ca mbiri imeneyi, tisafulumire kuyesa mwini nyumba munthu woipa. Amene anthu a m'tauni amamucha landilodi, ku Nangongwe kawiri-kawiri sakhala munthu wa mimba yaikulu woyenda pa galimoto. Angakhale mai wamasiye amene aphunzitsa adzukulu ace ndi ndalama ya zipinda ziwiri, kapena nkhalamba imene inadikira ndalama zace za penshoni kufikira imvi zinaculuka. Mlandu wace ngwomveka. Iye ati: njerwa ndinaumba ndine, malata ndinagula ndine, simenti yakwera, msonkho wa kukhonsolo ndilipira, cimbudzi cikadzala ndikumbitsa ndine, ufa ukakwera m'sitolo ukwerera inenso. Kodi lendi yokha ndiyo iime pamodzi zinthu zonse zirikuyenda? Pamenepa palibe womtsutsa. Wofesa ayenera kukolola, ndipo munthu amene anadzimana kuti amange nyumba ayenera kudyerapo. Cotero palibe cifukwa cokanira kuti lendi ingakwere. Cofunika ndi kudziwa pamene kukwezako kuli kolungama ndi pamene kwasanduka kulanda.

Kuti tipeze malire amenewa tiyenera kuona kusiyana kwa nyumba ndi malonda ena. Mai wogulitsa nsomba pamsika akakweza mtengo, wogula apita kwa wina, kapena tsiku limenelo adyera ndiwo zamasamba. Ndipo mai uja, poona kuti nsomba zace ziri pafupi kuola, atsitsa yekha mtengo. Apa ogula ndi ogulitsa ali ndi mphamvu yofanana. Koma palibe tate anganene kuti mwezi uno ine ndi ana anga tiyamba taleka kugona m'nyumba. Ndiponso kusamuka kuli ndi mtengo wace. Pafunika ndalama ya galimoto yonyamula katundu ndi lendi ya patsogolo ku nyumba yatsopano. Ana atalikira sukulu yao. Telala kapena wometa ataya anthu amene anamzolowera. Banja lisiya anansi amene anali kulibwereka mcere ndi kuligonera pa maliro. Mwini nyumba zonsezi azidziwa bwino. Tsono akakweza lendi pa mlingo umene adziwa kuti mnzace aulipira cifukwa coopa kusamuka, ndalama yoonjezayo sicokera ku ubwino wa nyumba, icokera ku mantha a munthu wosowa kolowera. Kudyerera kusowa kwa mnzako kotere ndiko kumene cikumbu-mtima cikana.

Amene tinaphunzira Buku Lopatulika tikumbukira kuti cilamulo ca Mose cinalola munthu kukongoza ndi kutenga cikole, koma cinaikapo malire. M'buku la Eksodo wotenga copfunda ca mnzace ngati cikole alamulidwa kucibweza dzuwa lisanalowe, popeza mnzaceyo alibe cina cogonera. M'buku la Deuteronomo mphero iletsedwa kutengedwa cikole, popeza banja lidyera pomwepo. Ngongoleyo inali yoona, ndipo mwini ndalama anali ndi mlandu wabwino. Komabe panali zinthu zina zimene sanaloledwe kuzigwira, cifukwa moyo wa munthu utsamira pa izo. Pogona pali m'gulu lomwelo. Makoma, malata ndi citseko nza mwini. Koma munthu amene walipira lendi wagula kanthu nayenso, ndiko mtendere wa pakhomo, kuti agone usiku wosaopa kuti mawa katundu wace adzapezeka pabwalo.

Caka ca 1915 citiphunzitsa cimene cimacitika malire amenewa akanyozedwa. Ku Nyasaland, m'minda ya azungu ya ku mapiri a Shire, anthu okhala pa malo a eni minda anali kulipira lendi ndi thukuta lao, ndiwo mcitidwe uja wa thangata. Mwini munda ndiye anali kuwerenga masiku, ndipo mwezi wa thangata unali kutalika monga iye afunira. Wodandaula anali kupitikitsidwa. Nkhanza za thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero zinali pakati pa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ace anaukira mu January 1915, ndipo mwazi unakhetsedwa mbali zonse ziwiri. Thangatayo inadzathetsedwa mu 1962. M'caka comweco ca 1915, ku Glasgow m'dziko la Scotland, anthu anadzaza mzinda kudzagwira nchito za nkhondo, ndipo eni nyumba, poona kuti nyumba zasowa, anakweza lendi pamene amuna ambiri anali ku nkhondo. Akazi, motsogozedwa ndi Mary Barbour ndi anzace, anagwirizana kukana ndalama yoonjezayo, natsekereza amithenga odzaturutsa anthu m'nyumba. Caka cisanathe Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inapanga lamulo lobwezera lendi ya nyumba za anthu wamba pa mlingo wa nkhondo isanayambe. Ku Magomero kunalibe bwalo lomvera odandaula, ndipo nkhani inathera ku mikondo ndi mfuti. Ku Glasgow inathera ku lamulo.

Dziko la Zambia nalo liri ndi lamulo lace la lendi, lopangidwa mu 1972, limene m'mabuku a malamulo lichedwa Rent Act, Mutu 206. Mfundo zace zazikulu nzoyenera kuti aliyense wokhala m'tauni azidziwe. Yoyamba njakuti nyumba iri ndi lendi yace yoyenera, imene khoti liri ndi mphamvu ya kuiika, ndipo wocita lendi nayenso angathe kupempha khoti kuti liiweruze. Yaciwiri njakuti kufuna kapena kulandira ndalama yopitirira lendi yoyenerayo ndi mlandu, monganso kufuna lendi ya patsogolo yopitirira miyezi iwiri. Yacitatu njakuti lamulo lichula zifukwa zimene mwini nyumba angaonjezere lendi, monga pamene msonkho wa kukhonsolo wakwera, kapena pamene waononga ndalama kuonjezera zinthu zatsopano pa nyumba. Yacinai, imene iri yaikulu koposa, njakuti munthu saturutsidwa m'nyumba popanda cigamulo ca khoti, ndipo khoti liyang'ana zifukwa zochulidwa m'lamulo, monga kusalipira lendi, kubvuta anansi, kapena kuti mwini afunadi kukhalamo yekha. Ngakhale kugwira katundu wa munthu cifukwa ca ngongole ya lendi kufuna cilolezo ca khoti. Koma lamuloli silikhudza nyumba imene munthu akhalamo cifukwa ca nchito yace.

Tsono mwini nyumba amene azula citseko, kapena akhoma loko wace pamwamba pa loko wa wocita lendi, kapena asasula malata mvula irikudza, wadziika yekha pa mpando wa woweruza pa mlandu wace womwe. Ngakhale kumudzi zotere sizinali kuloledwa. Munthu wokangana ndi mnzace anali kupita naye ku bwalo, ndipo akulu anali kumva mbali zonse ziwiri. Bvuto nlakuti m'makomboni lamulo limeneli lidziwika ndi anthu owerengeka. Mapangano acitika pakamwa, ndalama iperekedwa popanda lisiti, ndipo khoti lioneka lakutali ndi lodula kwa munthu wa cipinda cimodzi. Ufulu umene mwini wace saudziwa ufanana ndi khasu losiyidwa m'chire. Ndico cifukwa cace munthu wophunzira ayenera kupempha kuti pangano lilembedwe, kusunga lisiti la mwezi uli wonse, ndipo zikabvuta kukafunsa nzeru ku Legal Aid Board, bungwe limene Boma linaika kuti lithandize osauka pa milandu.

Komabe milandu yambiri ya lendi sidzafika ku khoti, ndipo si bwino kuti anthu omwa madzi pa mpopi umodzi azingosumirana. Pafunika muyeso umene anthu awiri angaugwiritse nchito atakhala pakhonde. Ine ndiona kuti kukweza kolungama kudziwika ndi zinthu zitatu. Coyamba ndi cifukwa cooneka, cimene mwini nyumba angacichule wosacita manyazi. Tiyerekeze kuti cipinda ciri pa K500 pa mwezi, ndipo mwini waononga K8,000 kulowetsa magetsi ndi kuika simenti pansi. Akaonjeza K100 pa mwezi, pa caka alandira K1,200 yoonjezera. Ndalama yace ibwerera pang'ono-pang'ono, magetsi ndi simenti zitsala zace, ndipo wocita lendi alipira cinthu cimene aciona ndi maso. Koma tiyerekezenso kuti pa cipinda comweco palibe casintha, denga likudontha monga kale, ndipo mwini afuna K800 cifukwa wamva kuti kwabwera anthu a nchito yatsopano amene angalipire zambiri. Pa caka banja lija litaya K3,600, ndiyo ndalama ya yunifolomu, mabuku ndi ufa, popanda kulandirapo kanthu. Kukweza koyambako kuli ndi cifukwa; kwaciwiriko ndi dyera lokha.

Caciwiri ndi nthawi. Munthu wolandira malipiro pa mwezi amagawa ndalama yace isanafike m'manja, ndipo kumuuza lero kuti mawa alipire zoonjezera ndiko kumtuma kwa akatapira. Wokweza lendi anene kukali kutali, mwezi wathunthu usacepe, makamaka miyezi itatu, kuti mnzace akonzeke kapena afune pena mosathamanga. Asankhenso nyengo mwaumunthu: kukweza lendi mu January, pamene mvula iri pakati ndipo ana afuna za kusukulu, kapena pamene pakhomo pali matenda ndi maliro, ndi kukankha munthu amene waterereka kale. Cacitatu ndi kumvana. Lendi ndi pangano la anthu awiri, ndipo pangano silisinthidwa ndi munthu mmodzi ataima pakhomo. Wocita lendi ali ndi ufulu wa kufunsa cifukwa, kuchula zoonongeka zimene zifuna kukonzedwa, ndi kunena mlingo umene angathe. Kufunsa kotere si cipongwe. Angathe kunena mwaulemu kuti, "Amai, ndamva mau anu, tiyeni tikhale pansi tione pamodzi," ndipo mwini nyumba wanzeru adzakhala pansi.

Nanga pamene zinthu zonse zakwera, monga zinacitikira m'caka ca cilala ca 2024, pamene cimanga cinapserera m'minda, ufa unadula ndipo magetsi anali kuzima nthawi yaitali? Pa nyengo yotere onse awiri alira. Mwini nyumba sanganyamule yekha katunduyo, koma si cilungamo kuti amtule yense pa mutu wa wocita lendi, amene malipiro ace sanakwere ndipo mwina nchito yace ya kuwocherera kapena kumeta inaima cifukwa ca magetsi. Akulu anati zidze pano nzatonse. Kuonjeza pang'ono kumene onse awiri angakupirire kuposa kuonjeza kwakukulu kumene kudzasiya cipinda copanda munthu miyezi iwiri, kapena kulowetsamo mlendo amene adzathawa usiku ndi ngongole.

Alipo ena amene amati malamulo oteteza ocita lendi aononga dziko, cifukwa munthu akaona kuti sangapindule ndi nyumba aleka kumanga, ndipo nyumba zikacepa osauka omwewo ndiwo abvutika. M'mau amenewa muli coonadi. Lendi ikamangidwa pa mlingo umodzi zaka zambiri ndalama irikucepa mphamvu, mwini aleka kukonza nyumba, ndipo mankhwala eni-eni a lendi yodula ndiwo kuculukitsa nyumba, kupereka malo omangapo, madzi ndi miseu. Koma zimene tanenazi siziletsa phindu. Palibe munthu analeka kumanga cifukwa cakuti anampempha kuchula cifukwa, kupereka nthawi ndi kumvera mnzace. Cimene ciletsedwa ndi phindu locokera ku kuopseza, ndipo dziko silitaya kanthu phindu lotere likatha.

Ufulu uyenda ndi udindo, ndipo wocita lendi amene afuna kumveredwa ayambe wakhala womveka. Alipire pa tsiku la pangano. Akalephera apite yekha kukanena, asadikire kuti amlondole. Asamale nyumba ya mwini monga yace, asaswe magalasi, asalowetse anthu ena mobisa, asasautse anansi ndi phokoso. Munthu amene ali ndi ngongole ya miyezi inai, namwa mowa poyera tsiku la malipiro, wadzilanda yekha mau, ndipo aipitsira mbiri anzace onse okhulupirika. Eni nyumba ambiri anaumitsa mtima cifukwa ca anthu otere.

Pomariza tibwerere ku caka cija ca 1996. Pamene nyumba za makhonsolo zinagulitsidwa, sizinaperekedwe kwa amene anali ndi ndalama zambiri. Zinaperekedwa kwa amene anali kukhalamo, ndipo zambiri pa mtengo wocepa ndithu. Pakutero dziko linabvomereza kuti munthu amene wakhala m'nyumba zaka zambiri, nalipira, naisamala, ali ndi gawo m'menemo limene mlendo wa ndalama alibe. Eni nyumba ambiri a lero, kapena makolo ao, anapeza nyumba zao mwa cifundo cimeneco. Nkosayenera kuti munthu amene anakwezedwa cifukwa anali wocita lendi aiwale lero kulemera kwa lendi. Ukakwera pamsana pa njobvu usamati kulibe mame.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mulikuyamba moyo wa m'tauni, lero mudzagogoda pa zitseko za eni kufunsa cipinda, koma zaka zikapita ena a inu mudzamanga, ndipo ana a anzanu adzagogoda pa zitseko zanu. Pamene muli ocita lendi dziwani ufulu wanu, muunene mwaulemu ndi mosaopa. Pamene mudzakhala eni nyumba, musanachule mtengo watsopano mudzadzifunse ngati mukadaubvomera mukadakhala inu m'cipindamo, ndi malipiro a mnzanuyo ndi ana ace. Ngati mtima wanu udzayankha kuti inde, kwezani, ndipo palibe adzakunenani. Ngati udzayankha kuti iai, mudzadziwa nokha kuti ndalamayo si yanu, ngakhale nyumba iri yanu.